Mlonda wa chisankho savala nsalu ya chipani

Ana anga, ndamva kuti ambiri mwa inu mwayamba kusonkhana, ena m'makalabu a achinyamata, ena kutchalitchi ndi kumzikiti, ena pa WhatsApp, n'cholinga chophunzitsa anzanu za ufulu wovota ndi kulondera chisankho popanda kukokera chipani chilichonse. Nkhaniyi yandikondweretsa, koma yandipatsanso nkhawa, chifukwa ntchito imeneyi yameza anthu ambiri amene adaiyamba ndi mtima woyera ngati wanuwo. Ena adathera m'thumba mwa andale. Ena adafooka chisankho chitangodutsa. Enanso alipo mpaka lero, koma luso limene adatsala nalo ndi losainira alawansi m'mahotela a kunyanja. Ndiye khalani pansi ndikutsineni khutu.

Tiyambe tachotsa bodza limene limasokoneza ambiri. Kusakokera mbali sikutanthauza kuti mulibe maganizo anu, kapena kuti tsiku lovota muzikhala pakhomo n'kumakazinga chimanga. Muli naye amene mumamukonda, ndipo mukalowa mobisika muja mudzamuchonga. Umenewo ndi ufulu wanu, ndime 40 ya malamulo aakulu a dziko lino ikutero. Chimene ntchitoyi ikufuna kwa inu n'cholemera kuposa pamenepo. Ikufuna kuti voti ya munthu amene akusankha yemwe inu simukumufuna muiteteze ndi mphamvu zomwezo zimene mungatetezere yanu. Gogo wa chipani chimene simumwerana nacho madzi akabwezedwa pamzere chifukwa dzina lake lasowa m'kaundula, mtima wanu uwawe chimodzimodzi. Ngati zimenezi zikukukanikani, palibe tchimo. Pitani mukalowe chipani, muvale nsalu yake, mukhale monita wake poyera, pakuti dziko likufunanso mamonita a zipani ogalamuka. Choipa ndicho kuvala jekete la woyang'anira chisankho pamwamba, malaya a chipani m'kati.

Mlimi aliyense amaidziwa sikelo yobera ya mavenda. Ukaisekerera lero chifukwa yabera mnansi wako amene unakangana naye za malire a munda, mawa udzapachikapo soya wako pa sikelo yomweyo. Malamulo a chisankho alinso choncho, ndipo umboni wake simufunika kuufuna kutali. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi lidagamula kuti mtsogoleri wa dziko azipambana ndi mavoti oposa theka la onse oponyedwa, zija timati 50+1. Otsatira a Peter Mutharika chigamulocho chidawawawa, otsatira a Lazarus Chakwera adachivinira, ndipo pa 23 Juni chaka chomwecho a Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Patangotha zaka zisanu, pa 16 Seputembala 2025, lamulo lomwelo lidabweza a Mutharika pampando ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo a Chakwera adavomereza kugonja bungwe la MEC lisanalengeze n'komwe. Amene adalira mu 2020 ndiwo adaseka mu 2025. Lamulo silidasinthe, anthu ndiwo adasintha maganizo. Munthu amene adaima ndi lamulolo zaka zonse ziwirizi, osayang'ana kuti lakomera ndani, ndiye amene ndikumufuna pakati panu.

Yang'ananinso mmene zipani zathu zimachitira ndi wailesi ya boma. Chipani chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ikuchimana mpata. Chikangolowa m'boma kulira kuja kumatha, kumayamba winayo. Ndime 65, yoletsa phungu kudumphira chipani china m'Nyumba ya Malamulo, imakondedwa ndi amene akuthawidwa ndipo imadedwa ndi amene akulandira alendo. Tidaziona mu 2005 a Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, tidazionanso mu 2012 aphungu atakhamukira ku PP ya mayi Joyce Banda. Wandale sangakhale mlonda wa malamulo amenewa chifukwa mawa akhoza kumupinga iye mwini. N'chifukwa chake pamafunika anthu ena, opanda mpando woti ateteze.

Ambiri mwa inu mudabadwa matipate atabwera kale, ndiye kuvota mumakuona ngati mvula, chinthu chongobwera nyengo yake ikakwana. Sizidali choncho. Pachisankho chachikulu cha Nyasaland cha mu Ogasiti 1961, munthu ankayenera kukhala ndi chuma kapena maphunziro ofika pamlingo wina wake kuti alembedwe, ndipo kaundula adali pawiri, wapamwamba ndi wapansi. Olembedwa adangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni. Ufulu utabwera tidayesa zatha, koma mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Kuyambira pamenepo palibe amene adafunsidwanso za mpando umenewo mpaka matipate atabwera. Aphungu tinkavotera, inde, kuyambira mu 1978, koma mayina onse adali a chipani chimodzi ndipo ankayamba avomerezedwa kumwamba. Pachipata cha msika ndi pokwerera basi pankaima ayufi kufunsa khadi la chipani. Amayi oyembekezera ena ankauzidwa kuti agulirenso khadi mwana amene ali m'mimba. Funsani agogo anu; musadabwe akayamba ayang'ana uku ndi uku asanayankhe.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti amene adatsekula chitseko sadali ofuna mipando. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, malipiro achabe, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Aepiskopi James Chiona ndi anzawo sadali kupempha voti ya munthu. Boma lidati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo kudakhala mlandu, Monsinyo John Roche a ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka kumene kalatayo idadindidwa idatenthedwa. Koma anthu adali atamva kale. Ophunzira a ku Chancellor College adaguba, ogwira ntchito ku David Whitehead mu Blantyre adanyanyala mu Meyi, ndipo anthu ambiri adaphedwa m'zipolowe za masiku amenewo. A Chakufwa Chihana adamangidwa pa 6 Epulo atangotsika ndege ku Lilongwe. Kenaka mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda adapanga bungwe la Public Affairs Committee, PAC, limene lidakhala pansi ndi nduna za boma mpaka riferendamu ya matipate idatheka.

Pamenepa pali kanthu kakang'ono kamene mabuku ambiri amangokadumpha, koma kwa ine ndiye phunziro lenileni. Boma lidafuna kuti pamalo ovotera pakhale mabokosi awiri, lina la tambala wakuda wa chipani chimodzi, lina la nyali ya matipate. Ganizani mmene zinthu zidalili nthawi imeneyo: munthu wakumudzi, apayoniya ali panja, alowe n'kulunjika ku bokosi la nyali? Ndipo bokosi lodziwika kuti muli mavoti a mbali iti silivuta kulisowetsa. Ofuna kusintha adakana kwamtuwagalu, mpaka kuopseza kuti anyanyala, ndipo pomaliza padakhala bokosi limodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Mkangano wa mabokosi uja sudali wokoma kuumvera, sudali woimbira nyimbo, koma popanda iwo mwina mbiri yathu ikadakhala ina. Ntchito imene mwasankhayi nthawi zambiri imakhala yotero: kukangana za bokosi, za fomu, za siginecha.

Za mu 2019 mukuzikumbuka nokha. Ambiri amakumbukira zionetsero, utsi wokhetsa misozi ndi masitolo otsekedwa. Koma chisankho cha pa 21 Meyi sichidagwe ndi miyala. Chidagwa ndi mapepala. Oweruza asanu a khothi lija, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, adakhala miyezi akuona mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, ena olembedwa pa mapepala a dupuliketi, ena opanda siginecha, ena osinthidwa manambala ndi cholembera. Dziko lonse lidamvera pa wailesi, mu Chingerezi ndi mu Chichewa, m'minibasi ndi m'misika, mpaka mavenda adadziwa mayina a mafomu. Chigamulo chake chidali cha masamba pafupifupi 500, ndipo khothi la Supreme lidachivomereza pa 8 Meyi 2020. Malawi lidakhala dziko lachiwiri mu Africa, pambuyo pa Kenya mu 2017, kumene khothi lidafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Tsono dzifunseni: mafomu amene adafika kukhothi aja adachokera kuti? Ena adasungidwa ndi anthu wamba amene adakhala pasukulu ya pulayimale mpaka usiku, njala ili m'mimba, kudikira kuti alandire pepala lawo.

Choncho mukadzapatsidwa chiphaso cha MEC choti mukayang'anire chisankho, dziwani kuti nthawi yofunika kwambiri si ya m'mawa pamene mizere ili yaitali ndipo atolankhani akujambula. M'mawa muli zake, zoona: muone kuti bokosi laonetsedwa kwa onse lili lopanda kanthu, mulembe manambala a zomatira zake, mulembe kuchuluka kwa mapepala ovotera amene afika. Koma mayeso enieni amayamba dzuwa likalowa, anthu atatopa, nyali ikuzima, ena akuti tiyeni tingosaina tizipita. Pamenepo ndiye khalani maso. Mapepala ogwiritsidwa ntchito, owonongeka ndi otsala akaphatikizidwa afanane ndi amene adafika m'mawa. Voti ikakanidwa kuti ndi yowonongeka, onani ngati muyeso womwewo ukugwiritsidwa ntchito kwa opikisana onse. Musasaine pepala lopanda manambala, ngakhale wokupemphaniyo akhale aphunzitsi anu akale amene mumawalemekeza. Zotsatira zikamatidwa pakhoma, zijambuleni. Ndipo musagwire pepala lovotera, musalangize wovota, musalande ntchito ya woyendetsa chisankho. Mukaona cholakwika, muuzeni mwaulemu, lembani nthawi yake ndi mmene zachitikira, kenaka tumizani kwa amene adakutumani. Chida chanu ndi kope ndi cholembera basi.

Mukatero, gwirani pakamwa. Lamulo limapatsa MEC masiku asanu ndi atatu kuti ilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo m'masiku amenewo mafoni amadzaza ndi manambala opanda mwini. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Inu nenani zokhazo zimene mwaona ndi maso anu pamalo anu, ndipo muzitchula kuti ndi za malo amodzi. Mukatumiza uthenga umodzi wabodza pa Facebook, ngakhale mosadziwa, zoona zonse zimene mudzanene pambuyo pake anthu adzazikayikira. Nawonso mawu ojambulidwa amene amazungulira pa WhatsApp, oyamba ndi kuti wachibale wanga wogwira ntchito kwakutikwakuti wandiuza, musawapititse patsogolo. Afere m'foni mwanu.

Komatu anthu ambiri amataya voti yawo tsiku lovota lisanafike. Pokonzekera chisankho cha 2025, olembetsa adali pafupifupi 7.2 miliyoni, pamene oyenera kulembetsa ankayembekezeka kupitirira 10 miliyoni. Anthu oposa mamiliyoni atatu sadaberedwe voti ndi tipeksi. Sadafike n'komwe m'kaundula. Ndipo mwa olembetsawo, amayi adali ochuluka kuposa abambo, pafupifupi 57 pa 100 alionse. Anyamata inu amene mumatokota kwambiri za ndale pamalo ochezera ndi pa siteji ya kabaza, mudali kuti? Lero kulembetsa kumalira chiphaso cha unzika cha ku NRB, ndiye ntchito yoteteza ufulu wovota imayambira pa kuthandiza mtsikana amene wakwanitsa zaka 16 kuti akalembetse chiphaso chake, kuperekeza gogo amene chake chidatayika ndi madzi osefukira, kukumbutsa wophunzira amene wasamukira ku koleji kuti asamutsenso dzina lake nthawi yake ikafika, ndi kuuza anthu kuti akaone ngati mayina awo alimo pamene kaundula waikidwa poyera. Zimenezi sizituluka m'nyuzipepala. Koma wachinyamata amene walembetsetsa anthu makumi awiri a m'mudzi mwake wachita zambiri kuposa amene walankhula pa wailesi chaka chonse.

Muganizirenso amene chisankho chimawaiwala. Munthu wosaona ali ndi ufulu wovota mwachinsinsi, osati kunong'oneza wina pamaso pa gulu. Woyenda pa njinga ya olumala asapeze masitepe pakhomo la kalasi yovotera. Abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain amatumiza ndalama za feteleza ndi za fizi mwezi ndi mwezi, koma kuti avote ayenera kubwera kuno kudzalembetsa n'kubweranso kudzaponya. Kaya inu mukuona kuti zisinthe kaya ayi, imeneyi ndi nkhani yoyenera kuikambirana poyera, ndipo siili ya chipani chilichonse.

Tsopano za ndalama za andale, pamene ambiri amapunthwa. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma inu ndi ine tikudziwa zimene zimachitika msonkhano ukatha. Pali malangizo otchuka amene ngakhale ophunzitsa anthu za chisankho ena amapereka: landirani, idyani, koma povota mukavotere amene mukumufuna. Ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu wanjala sungamuuze kuti akane thumba la ufa. Koma ine malangizo amenewa sindiwakonda, ndipo inu musawalalikire. Amaphunzitsa anthu kuti wandale ndi munthu wogawa zinthu, ndipo amaphunzitsa wandale kuti mpando ndi katundu wogula. Wogula mpando amadzabweza ndalama zake, ndipo amazitenga ku mankhwala a kuchipatala ndi ku simenti ya mlatho. Amatsekeranso kunja mayi wanzeru kapena mnyamata waluso amene alibe chogawa. Musanyoze wolandira, ameneyo ndi mbale wanu wovutika. Koma muuzeni zoona zake, kuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuyang'anira mmene boma likugwiritsira ntchito misonkho ndi kumuyankhulira ku Nyumba ya Malamulo, osati kugula mabokosi a maliro. Muuzeninso, mobwerezabwereza, kuti palibe mfumu, mlangizi kapena wachipani amene angadziwe pamene wachonga, ngakhale atamulemba nambala ya chiphaso chake, ndipo kuti dzina lake silingachotsedwe pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo kapena wa Mtukula Pakhomo chifukwa cha voti. Mantha amenewa ndi ofala kumidzi kuposa mmene a m'tauni amaganizira.

Ndipo inu eni, musalole kusanduka zikwanje za munthu. Ulamuliro uliwonse wakhala ndi anyamata ake: apayoniya ndi ayufi, ma Young Democrats, makadeti, ndi ena amene tidawaona atabisa nkhope akutema anthu ochita zionetsero dzuwa likuswa mtengo. Mayina amasintha, malipiro sasintha: kachasu, ndalama yosakwana n'thumba la ufa lomwe, ndi mlandu umene umatsala pa dzina lako bwana uja atapita. Ana a amene amakutumaniwo simudzawapeza atadzipenta pamsewu.

Zionetsero ndi ufulu, ndime 38 ikunena momveka, ndipo lamulo la apolisi limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma kusanatsale maola 48; kudziwitsa, osati kupempha chilolezo. Nthawi zina palibe njira ina. Mu 2002, pamene ankafuna kuchotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko, mipingo, maloya ndi mabungwe adadzuka, ndipo bilu ija idagwa m'Nyumba ya Malamulo pa 4 Julayi itaperewera mavoti atatu okha. Anzathu a ku Zambia adali atachita zomwezo chaka cha 2001 pokaniza a Frederick Chiluba teremu yachitatu. Koma msewu uli ndi mtengo wake. Pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira tidataya anthu 20, ambiri a iwo achinyamata. Mu Okutobala 2019 wapolisi adaphedwa ndi miyala kwa Msundwe, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana a m'deralo adachitidwa nkhanza zosaneneka, mpaka khothi lidalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Musaitanire anthu kumsewu musanayese kalata, mkumano ndi khothi. Mukawaitana, konzani oyang'anira gulu, dziwani pothera ulendo, ndipo inu mukhale kutsogolo, osati kunyumba pa foni. Wothyola sitolo ya mwenye kapena kulanda tomato wa mayi wa pamsika sakumenyera ufulu wa munthu aliyense. Ndi wakuba, ndipo mutero poyera ngakhale atavala malaya a gulu lanu.

Yesero lalikulu limabwera mbali imene mumaikonda mumtima ikapambana. Pambuyo pa chisankho cha 2020, ena mwa amene ankatsogolera zionetsero adalandira maudindo m'boma, wina unduna, ena ukazembe. Sadaphwanye lamulo, ndipo munthu ali ndi ufulu wosintha ntchito. Koma anthu wamba adaona, ndipo kuyambira pamenepo aliyense woyankhula za ufulu amafunsidwa kuti kodi iyeyu akufuna mpando uti. Chikhulupiriro chimene chidatayika pamenepo mukuchilipira ndinu. Ndiye mukadzaitanidwa, ganizani kawiri. Mukavomera, tsanzikani poyera, tulani jekete lija, musayende nalo. Mukatsala, dzudzulani boma latsopanolo ndi mawu omwewo amene munkadzudzulira lakale likachita zomwezo. Mudzatchedwa mayina. A mbali iyi adzati mwagulidwa ndi awo, awo adzati ndinu a iyi. Masiku amene onse awiri akukudandaulani, gonani tulo; tsiku limene mbali imodzi yokha yayamba kukuimbirani m'manja, dzifunseni pamene mwapatuka.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Mu 1994 mavoti adagawika motsata zigawo: a Chihana kumpoto, a Kamuzu pakati, a Bakili Muluzi kummwera. Mzimu umenewo sudafe, ngakhale mu 2009 ndi mu 2025 anthu ambiri adaonetsa kuti akhoza kuudumpha. M'gulu lanu mukayang'ana n'kupeza kuti nonse ndinu a boma limodzi, chilankhulo chimodzi, mpingo umodzi, dziwani kuti anthu akuonani kale ngati a chipani chakutichakuti, ngakhale musanatsekule pakamwa. Funani Mtumbuka, Mlhomwe, Myao, Msena, Mtonga, Mngoni. Funani Msilamu ndi Mkhristu. Ndipo atsikana asakhale ongolemba maminitsi ndi kuphika tiyi. Mukapita m'mudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu monga mwa mwambo, koma msonkhano wanu usachitikire pakhomo pa wapampando wa chipani, ngakhale akhale ndi mipando yabwino ndi mthunzi.

Nanga zaka zinayi ndi theka zimene kulibe chisankho? Apa ndi pamene magulu ambiri amafera, chifukwa ndalama za mabungwe akunja zimabwera ndi chisankho n'kupita nacho. Koma demokalase ya tsiku ndi tsiku ili kukhonsolo. Kumbukirani kuti makhansala amene tidasankha mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lino lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014, ndipo ambiri sitidadandaule n'komwe. Lero tili ndi madera a aphungu 229 ndi mawodi 509. Kodi khansala wanu mukumudziwa dzina? Mudapitako ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kapena ya dera, ADC? Ndalama za CDF za dera lanu chaka chathachi zidamanga chiyani, kontirakitala adali ndani, ndipo mjigo umene uli papepala ukutulukadi madzi? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, patatha zaka zambiri atolankhani ndi mabungwe akulimenyera. Ndi ochepa amene amaligwiritsa ntchito. Lembani kalata yaulemu yopempha ndondomeko ya ndalama za khonsolo, sungani kope lake lodindidwa, mukapanda kuyankhidwa lembaninso. Musapite ndi mwano. Kalaliki wa pa ofesi si mdani wanu, ndipo nthawi zambiri iyenso zimamuwawa.

Sungani malonjezo a opikisana. Pa nthawi ya kampeni konzani mtsutso pabwalo la sukulu, muitane onse, muwapatse mphindi zofanana ndi mafunso ofanana, mulembe zimene alonjeza, asainire. Pakatha chaka muitaneni wopambanayo pabwalo lomwelo muwerenge pepala lija. Malamulo athu a 1994 adali ndi ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma aphungu adaichotsa mu 1995. Mpaka idzabwerere, ngati idzabwerere, pepala losainidwa lija ndi bwalo lodzaza anthu ndiyo njira imene muli nayo.

Simukuyamba pa tchire. A NICE ali ndi maofesi m'maboma ndipo akhala akuphunzitsa anthu kuyambira 1999. Kuli CCJP, kuli PAC, kuli MESN ndi ena oyang'anira zisankho. Pitani mukaphunzire kwa iwo, muwerenge malamulo a chisankho enieniwo, osati zongomva. Alawansi ikapezeka landirani, si tchimo, thiransipoti imalira ndalama. Koma gulu limene silingakumane pansi pa mtengo popanda alawansi lafa kale, langotsala kuikidwa. Ndipo ndalama iliyonse imene mwalandira, lembani poyera kuti yachokera kwa yani ndipo yagwira ntchito yanji, chifukwa simungafunse khonsolo za ndalama zake pamene zanu zili mumdima.

Chisankho chachikulu chikubwerachi chili mu 2030, ndipo ana amene adzavote koyamba chaka chimenecho ali kusukulu lero. Musadikire kuti a MEC alengeze kalembera. Sabata ino pitani ku ofesi ya khonsolo yanu mukafunse tsiku la msonkhano wotsatira wa makhansala onse, mutengane awiri kapena atatu, mukakhale kumbuyo ndi kope lanu, mulembe zimene mwamva.